Masekondi 14 a Tunney: kodi Dempsey anamubera ku Chicago?

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo yaifupi. Waonera kanema wakale wa nkhonya ya Gene Tunney ndi Jack Dempsey ya mu 1927, watsegula wotchi ya pafoni, wapeza kuti Tunney anakhala pansi masekondi pafupifupi 14. Akufunsa kuti ngati lamulo limati wogwa akapanda kudzuka pofika pa 10 waluza, zinatheka bwanji kuti munthuyu apite kwawo ndi lamba. Akutinso amathandiza kuyimbira nkhonya za achinyamata, ndiye akufuna kudziwa zimene akanachita akanakhala iyeyo m'ring'imo.

Achimwene, wotchi yanu sinakunamizeni. Ena amapeza masekondi 13, ena 14, ena kupitirira pang'ono, chifukwa makanema a nthawi imeneyo sayenda onse pa liwiro lake lenileni, koma palibe amene amapeza 10. Chimene chimandipweteka pa nkhani imeneyi n'chakuti kwa zaka pafupifupi 100 anthu akhala akukangana za raundi 7, pamene cholakwa chenicheni cha woyimbira chili mu raundi 8, ndipo ochepa okha ndi amene amachitchula.

Linali tsiku la 22 Seputembala 1927, pabwalo la Soldier Field ku Chicago. Anthu 104,943 analowa, ndipo pakhomo panatoleredwa madola 2,658,660, ndalama imene nkhonya inali isanaionepo. Wokonza masewerowo anali Tex Rickard. Tunney yekha analandira madola 990,445, ndipo anawonjezerapo ake 9,555 kuti Rickard amulembere cheke chimodzi cha miliyoni yathunthu. Lamba wa heavyweight, gulu la omenya olemera kwambiri, anali ndi Tunney. Anamulanda Dempsey chaka chimodzi m'mbuyomo, pa 23 Seputembala 1926 ku Philadelphia, mvula ikugwa, atamuphunzitsa nkhonya pafupifupi raundi iliyonse mwa maraundi 10. Dempsey anali atakhala zaka zitatu osamenya, ndipo miyendo inali itamuthawa.

Ku Chicago zinayambanso chimodzimodzi. Maraundi 6 oyamba Tunney ankazungulira, kubaya ndi dzanja lamanzere, kuponya lamanja, n'kuchokapo Dempsey asanafike. Dempsey anali ndi zaka 32, Tunney 30, koma m'miyendo munkaoneka ngati asiyana zaka 10. Kenako mu raundi 7, mphindi imodzi isanathe, Dempsey anamupeza pafupi ndi zingwe. Chibakera chamanja chinalowa, chamanzere chopinda chinafika pachibwano, ndipo zina zingapo zinatsatira Tunney akutsetsereka. Anakhala pansi, mwendo umodzi utapindikira pansi pake, dzanja lamanzere litagwira chingwe chapakati. Aka kanali koyamba kuti Tunney agwetsedwe chiyambire kumenya nkhonya yolipidwa.

Apa ndi pofunika kuyang'anitsitsa kanemayo, ndipo musayang'ane Tunney. Yang'anani Dempsey. M'malo mopita kukona yakutali, akuima pakona yapafupi, kumbuyo kwenikweni kwa munthu amene wagwayo, pamalo poti Tunney akangodzuka amupeze nthawi yomweyo. Woyimbira, Dave Barry, akumulozera kukona ina. Dempsey sakusuntha. Barry akumuyandikira, akumugwira, akumukankhira kumene ayenera kupita. Pamene Barry akutembenuka kubwerera kwa Tunney, wosunga nthawi, Paul Beeler, wafika kale pa 5. Barry sakutenga 5 ameneyo. Akukweza dzanja n'kuyamba pa 1. Tunney akudzuka pa 9.

Ndiye 5 wa Beeler kuphatikiza 9 wa Barry, ndi 14 wanu uja.

Tsopano lamulo linkati chiyani? Lamulo la boma la Illinois linkanena kuti munthu akagwa, wosunga nthawi ayambe kuwerenga mokweza nthawi yomweyo. Woyimbira ayambe waonetsetsa kuti wogwetsayo wapita kukona yakutali, kenako atembenuke n'kulandira chiwerengero pamene wosunga nthawi wafika. Koma linapitiriza kunena kuti wogwetsayo akapanda kukhala kukona imeneyo, onse awiri, woyimbira ndi wosunga nthawi, aleke kuwerenga mpaka atapita. Mkangano wonse wagona pa ziganizo ziwiri zimenezi. A mbali ya Dempsey amagwira choyamba: Barry akanayenera kulandira pa 6. A mbali ya Tunney amagwira chachiwiri: Dempsey anakana kupita, choncho masekondi amene anawononga sankayenera kuwerengedwa. Ine ndili ku mbali yachiwiri, ndipo sindikayikira. Lamulo limene limalola munthu kuima pamutu pa mnzake masekondi asanu popanda kutaya kalikonse si lamulo, ndi pempho chabe. Onse awiri anauzidwa za kona yakutali nkhonya isanayambe. Dempsey anamva. Masekondi amenewo anawataya yekha, ndipo madzi akatayika saoleka.

Lamulo limeneli silinangogwa kuchokera kumwamba, ndipo munthu amene khalidwe lake linaonetsa kufunika kwake ndi Dempsey yemweyo. Pa 14 Seputembala 1923, ku Polo Grounds mumzinda wa New York, anamenyana ndi Luis Firpo wa ku Argentina. Mu raundi yoyamba yokha Firpo anagwa ka 7. Dempsey ankaima pafupi, n'kumudikirira kuti mawondo angochoka pansi, n'kumumenyanso asanaongoke. Mu raundi yomweyo Firpo anamuponya Dempsey kunja kwa zingwe, anagwera pa tebulo la atolankhani, ndipo anthu a pamenepo anamuthandiza kubwerera m'ring'i, chinthu chimene lero chikhoza kumuluzitsa munthu pomwepo. Dempsey anapambana mu raundi 2. Anthu a ku Argentina mpaka pano amati Firpo anaberedwa, ndipo mlandu wawo ndi wolemera kuposa wa Dempsey wa ku Chicago. Onjezani za Jack Sharkey. Mu Julayi 1927, pa Yankee Stadium, Sharkey anali akuchita bwino mpaka raundi 7, pamene anatembenukira kwa woyimbira kudandaula kuti wamenyedwa kunsi kwa lamba. Ali chitembenukire, Dempsey anamuwomba chamanzere pachibwano, ndipo nkhani inathera pomwepo. Kupambana kumeneko ndi kumene kunamupatsa mpata wokumananso ndi Tunney. Sindikunena izi kuti ndimunyoze Dempsey. Anali chilombo cha munthu m'ring'i, ndipo anakulira m'nkhonya za m'misasa ya migodi ku Colorado kumene wogwa ankamalizidwa basi. Koma amene amamulirira ngati mwana wamasiye wolandidwa munda aiwala kuti kawirikawiri mpata wa m'malamulo unkakomera iyeyo.

Tsono pali chinthu chimene anthu a wotchi safuna kumva. Nokauti, kuluza chifukwa cholephera kudzuka pofika pa 10, siyezedwa ndi wotchi. Imayezedwa ndi pakamwa ndi dzanja la woyimbira. Womenya nkhonya amene wagwa alibe wotchi, mutu ukuzungulira, anthu 100,000 akukuwa, ndipo chimene waphunzitsidwa kuyambira ali mnyamata n'chimodzi: yang'ana woyimbira, pumula, dzuka pa 8 kapena pa 9. Munthu wanzeru sadzuka pa 3 ngakhale angathe, chifukwa masekondi otsalawo ndi mankhwala. Choncho kunena kuti Tunney anakhala pansi masekondi 14 sikutiuza kuti sakanatha kudzuka pa 9 weniweni. Kukungotiuza kuti anamvera chiwerengero chimene anapatsidwa. Mukayang'ana kanemayo mudzaona kuti patapita masekondi ochepa mutu wake waongoka, maso ali pa Barry, akutsatira dzanja likukwera ndi kutsika. Iye mwini ankanena moyo wake wonse kuti akanatha kudzuka msanga.

Kodi masekondi owonjezerawo anamuthandiza? Anamuthandiza kwambiri, ndipo wokana zimenezi sanaonepo munthu atamenyedwa pachibwano. Ubongo ukagwedezeka, kusiyana kwa masekondi 9 ndi 14 ndi kusiyana kwa miyendo yaphala ndi miyendo yomvera. Tunney akanadzuka Beeler ali pa 9, n'kutheka kuti Dempsey akanamupeza asanakhazikike. Zimene tikudziwa ndi zimene zinachitika: anadzuka n'kuyamba kubwerera chambuyo mozungulira, mofulumira, ndipo Dempsey anamuthamangitsa mpaka anaima n'kumukodola ndi gulovu kuti bwera timenyane. Kukodola kumeneko n'kumene kumandiuza zambiri. Munthu amene miyendo yake ikadali ndi mphamvu sakodola mnzake, amamudula njira.

Nkhani yomweyi inabweranso pa 11 Febuluwale 1990 ku Tokyo Dome. James "Buster" Douglas, amene obetcha ankamuika pa 42 kwa 1, kutanthauza kuti sankamupatsa mwayi wopambana, anali akumukwapula Mike Tyson mpaka chakumapeto kwa raundi 8, pamene chibakera chochokera pansi chinamugwetsa. Douglas anamenya pansi ndi gulovu mokwiya, chizindikiro cha munthu amene mutu wake uli bwinobwino, n'kudikira chiwerengero cha woyimbira Octavio Meyran, ndipo anadzuka pa 9. Meyran anali atatsalira m'mbuyo mwa wosunga nthawi. Douglas anamugwetsa Tyson mu raundi 10 n'kumaliza ntchito. Wokonza masewero Don King anakweza mlandu woti Tyson anali atapambana kale mu raundi 8, ndipo mabungwe oyendetsa nkhonya a WBC ndi WBA anazengereza masiku angapo asanavomereze kuti lamba ndi wa Douglas, pamene bungwe lina, la IBF, linamuvomereza nthawi yomweyo. Zimenezo zinali zochititsa manyazi. Kulanga womenya nkhonya chifukwa chomvera woyimbira kuli ngati kumanga dalaivala chifukwa chodutsa pamene wapolisi wapamsewu wamukodola kuti adutse.

Ngati mukufuna kuona woyimbira atataya chiwongolero zenizeni, siyani Barry, onerani Muhammad Ali ndi Sonny Liston pa 25 Meyi 1965 ku Lewiston, m'boma la Maine. Woyimbira anali Jersey Joe Walcott, katswiri amene anagwirapo lamba yemweyo, koma kuyimbira ndi ntchito ina. Liston atagwa mu raundi yoyamba, Ali anaima pamutu pake akumukalipira kuti adzuke, kenako n'kumazungulira m'ring'i manja ali m'mwamba. Walcott anatanganidwa ndi Ali, ndipo sanamuwerengere Liston ngakhale 1. Liston anadzuka, awiriwo anayambiranso kumenyana, kenako Nat Fleischer, mkonzi wa magazini ya The Ring amene sanali ndi udindo uliwonse usiku umenewo, anakuwa kuti munthu wawerengedwa kale, ndipo Walcott anathamanga kukaimitsa nkhonya. Mukaika pambali zonse zimene anthu amanena za chibakera chimene chinamugwetsa Liston, malamulo anaphwanyidwa poyera: wogwetsa sanapite kukona, wogwa sanamve chiwerengero, ndipo chigamulo chinachokera kunja kwa zingwe. Poyerekeza ndi zimenezo, Barry mu raundi 7 anachita ntchito yake.

Raundi 8

Dempsey ndi anthu ake ali ndi mlandu umodzi wolimba, ndipo ndi uwu. Mu raundi yotsatira Tunney anamupeza Dempsey ndi chamanja chachifupi, Dempsey n'kugwa. Yang'anani Barry. Akudumphira pomwepo dzanja lili kale m'mwamba, akuyamba kuwerenga, Tunney ali chiimire pafupi, sanapite kukona iliyonse. Woyimbira yemwe uja amene mphindi zochepa zapitazo anakana kutchula 1 mpaka Dempsey atachoka, tsopano waiwala za kona.

Omuteteza amati Dempsey anadzuka nthawi yomweyo, pa 1, choncho palibe chimene chinasintha. N'zoona kuti zotsatira sizinasinthe. Tunney anapambana maraundi otsalawo moonekeratu, Dempsey anamaliza nkhope itatupa ndi kung'ambika, ndipo woyimbira ndi majaji awiri onse anapereka nkhonyayo kwa Tunney. Koma Barry pamene ankakweza dzanja sankadziwa kuti Dempsey adzuka pa 1. Akanakhala kuti wavulala kwambiri, akanawerengedwa kuyambira sekondi yoyamba, pamene mnzake anapatsidwa masekondi asanu aulere. Muyeso unali uwiri usiku umodzi, m'ring'i imodzi, m'dzanja limodzi. Chimenecho ndiye chosalungama, ndipo sindichichepetsa. Kunali mphekesera zambiri ku Chicago nthawi imeneyo za ndalama za zigawenga ndi za kusinthidwa kwa woyimbira nthawi itatha, moti dzanja lofulumira lija linapatsa anthu chifukwa chokhulupirira zoipa. Ine ndimaona munthu amene thupi lake linabwerera ku chizolowezi chakale, chowerenga munthu akangogwa, chifukwa Tunney sanali kuopseza ngati mmene Dempsey ankaopsezera. Koma woyimbira saweruza malinga ndi nkhope ya munthu. Lamulo la kona silinena kuti ndi la anthu aukali okha.

Anthu a Dempsey anakadandaula ku bungwe loyang'anira masewero la Illinois, ndipo dandaulo lawo linakanidwa. Dempsey sanamenyenso nkhonya yolimbirana lamba. Tunney anateteza lambayo kamodzi, pogonjetsa Tom Heeney mu 1928, n'kupuma. Awiriwa anadzakhala mabwenzi, moti Dempsey anathandiza mwana wa Tunney, John, pa kampeni yake ya ndale ku California.

Pali chifukwa chinanso chimene nkhaniyi inakulira chonchi. Anthu ochuluka ku America sanaone kanemayo msanga mwalamulo. Anamva pa wailesi, kudzera m'mawu a Graham McNamee, ndi kuwerenga m'nyuzipepala. Kuyambira 1912 mpaka 1940 lamulo linkaletsa kunyamula makanema a nkhonya kuchoka boma lina kupita lina. Lamulo limenelo linabwera pambuyo pakuti Jack Johnson, munthu wakuda, anamenya Jim Jeffries mu 1910, ndipo akuluakulu sanafune kuti anthu aziona mzungu akugwetsedwa ndi wakuda pa chinsalu. Ndipo pofika apa ndinene zimene zimandikhala pamtima nthawi zonse anthu akamalira masekondi asanu a Dempsey. M'zaka zonse zimene anagwira lamba, kuyambira 1919 mpaka 1926, sanamenyanepo ndi munthu wakuda polimbirana lambayo. Harry Wills, munthu wakuda, anakhala zaka zambiri ali woyenera kupatsidwa mpata kuposa wina aliyense, anakalamba akudikira, ndipo sanaupeze. Mlandu wake ena amauika pa Rickard, ena pa andale, ena pa Dempsey, koma chitseko chinali chotseka. Kuchokera pamene Johnson anataya lamba mu 1915, munthu wakuda sanaloledwenso kulimbirana lamba wa heavyweight mpaka Joe Louis mu 1937. Dempsey anataya masekondi asanu chifukwa cha kusamva kwake. Wills anataya zaka zake zonse zamphamvu popanda cholakwa. Tikamakamba za chilungamo m'nkhonya za m'ma 1920, dzina loyamba kutchulidwa liyenera kukhala limenelo.

Ndipo musaganize kuti kutsatira lamulo mosakondera kumakupulumutsani ku mkwiyo wa anthu. Richard Steele anaimitsa nkhonya ya Julio Cesar Chavez ndi Meldrick Taylor pa 17 Malichi 1990 ku Las Vegas kutangotsala masekondi awiri kuti raundi 12 ithe, Taylor akutsogola pa makadi a majaji awiri. Taylor anagwetsedwa n'kudzuka, Steele anamufunsa kawiri ngati ali bwino, sanapeze yankho lomukhutiritsa, ndipo anatambasula manja. Anthu anamukuwiza kwa zaka zambiri. Taylor anapita kuchipatala fupa la pafupi ndi diso litasweka ndipo atameza magazi ambiri. Steele ankayang'ana maso a munthu, osati wotchi, ndipo pamenepo ndili naye.

Tsono za inu ndi achinyamata anuwo. Nkhonya isanayambe, pitani kwa aliyense payekha, mphunzitsi wake ali pomwepo, muwauze ndi mawu ofanana kuti akagwetsa mnzake apite kukona yoyera imene mwamulozera, osati yofiira kapena yabuluu, ndi kuti simudzawerenga iye asanapite. Gwirizananinso ndi wosunga nthawi kuti aziwerenga ndi dzanja lokwezeka kapena pomenya pansi pa ring'i, chifukwa phokoso likakwera mawu samveka. Munthu akagwa, imitsani nkhonya, lowani pakati pawo, lozani kona yakutali. Imani poti wogwayo aone zala zanu ndipo inu muzimuona winayo ndi m'mbali mwa diso. Cholakwa chofala ndi kupereka msana kwa amene waima, iye n'kumasendera pang'onopang'ono. Akachoka kukona, lekani kuwerenga, mubwezeni, kenako pitirizani pamene munalekera, osabwerera pa 1. Ngakhale wogwayo adzuke pa 3, fikani pa 8. Mupukute magulovu, mumuyang'ane m'maso, mumuuze abwere kwa inu mapazi awiri. Miyendo ikapeperuka, nkhonya yatha, kaya kwatsala masekondi angati. Akagwa n'kumenyetsa mutu pansi, kapena thupi litauma, musawerenge n'komwe, itanani dokotala. Ndipo liwiro la chiwerengero chanu muliyeserere kunyumba ndi wotchi yomwe ija ya pafoni, mpaka 10 wanu azifika pa masekondi 10, chifukwa m'ring'i mtima ukathamanga dzanja limathamanga nawo, ndipo kawirikawiri limathamangira mwana amene anthu a m'holo sakumuchemerera.